Jekete la Batani Loyera

Inu ana, kuyambira tsiku limene chithunzi chatsopanochi chinakwera pakhoma simunandipatse mpumulo. Mukuti bwanji agogo ali m'malaya okha, atawerama, nkhope ikuoneka theka ngati munthu wofunafuna singano. Iwe Chisomo unafika ponena kuti wojambulayo sadziwa ntchito yake. Ntchito amaidziwa, ndipo usadzanenenso. Nkhani yake ndailemba papepala kuti wamkulu mwa inu awerengere anzake mokweza, mafoni ali m'matumba. Ndikanatha kukufotokozerani pakamwa, koma agogo anu aakazi akanandilanda nkhaniyo pakati n'kuikometsera mmene akufunira.

Mukundidziwa ine. Mu sutikesi yabulauni ili pansi pa bedi ija, imene mumaiseka kuti ndi ofesi ya boma, muli moyo wanga wonse. Muli kalata yondilemba ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi, makhadi a kuchipatala a amayi anu ndi atsibweni anu, malisiti a malata a nyumba ino, ngakhale pepala la njinga imene inabedwa amayi anu asanabadwe. Njinga inapita, pepala lilipo. Anthu a m'mudzi muno akamakangana za malire a munda kapena za chaka chimene uje anamwalira, amabwera kwa ine, chifukwa amadziwa kuti sindinena chinthu chimene sindingachitulutsire pepala. Dzina limenelo ndalisamala kuposa mano anga. Ndiye mumvetse kuti zimene ndikulembazi zikundiwawa.

Masiku ano mumajambula chilichonse: galu, mbale, phazi lanu lomwe. Kale chithunzi chinali nkhani yaikulu. Wojambula ankachokera ku Chonde pa njinga, Loweruka lolandira malipiro, atamanga kumbuyo nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa. Ankaipachika pakhoma la malaini, nyumba za kampani zimene tinkakhalamo antchito, n'kuika patsogolo pake katebulo ndi wailesi yopanda mabatire. Munthu unkaima njo, dzanja pa wailesi, chibwano m'mwamba. Kuseka ayi, woseka pachithunzi ankaoneka wopepera. Kenako unkadikira milungu, mwinanso n'kudzauzidwa kuti filimu inapsa. Chithunzi changa chakale chili pamwamba pa kabati chija chinatuluka momwemo. Mwachiona nonse: mnyamata wowonda, seda m'mutu, jekete lakuda.

Chaka chatha, nthawi ya chiperoni, kunabwera ana a sukulu ya zojambula ya ku Blantyre. Abusa analengeza kutchalitchi kuti anawo akuphunzira kujambula nkhope za anthu, ndipo aliyense apatsidwa khomo la nkhalamba imodzi. Pomaliza, zithunzizo adzazipachika mu holo ya sukulu ya pulaimale, ndi mawu a mwini nkhope m'munsi mwake, kuti mudzi wonse uone. Ife anatipatsa mtsikana dzina lake Tadala.

Tsiku limene anati abwera ndinameta ndevu m'mamawa. Ndinatulutsa jekete langa lotuwa, lija ndinagula nditapuma pa ntchito, limene limakhala m'pulasitiki ndipo nonse mukudziwa kuti ndinalisungira ulendo wanga womaliza. Tayi pakhosi, nsapato zopolisha, masatifiketi nditawayala patebulo. Mwanayo anafika chimanjamanja.

"Kamera ili kuti?" ndinamufunsa.

"Ndaisiya kumene tikugona, agogo. Aphunzitsi anati tisaitulutse mpaka titamudziwa munthu."

"Kundidziwa? Mapepala ndi awa. Werengani, mundidziwa."

Anawerenga ndithu, limodzilimodzi, akuligwira m'mphepete ngati mmene ndimafunira. Atatha anathokoza n'kupita kuseri kukathandiza agogo anu kusola nandolo. Ine ndinatsala pampando ndi tayi wanga. Ndinakwiya, ndipo ndinali ndi chifukwa. Munthu wamkulu kuvala chonchija popanda chochitika!

Anabweranso, n'kubweranso, kamera osaoneka. Anaphunzira kuti mpando wa pafupi ndi zenera sakhalapo wina. Anadya kalongonda, nyemba zathu zija mumazikana inu kuti zimatha nkhuni, ndipo anapempha zina. Ife tinakula nazo zimenezo, ndi chinangwa chowotcha m'thumba popita kumunda wa tiyi belu lisanalire, osati mabisiketi anuwa. Mafunso ake anali achilendo. Sanafunse za maudindo anga. Anafunsa kuti dengu la tiyi wonyowa linkamveka bwanji likamakolekedwa pa sikelo, ndi kuti othyola tiyi ankandiyang'ana bwanji ndikamalemba. Ndikamayankha, iye ankangoti maso pa ine, osadula mawu, osagwira foni. Ndikuuzeni, inu ana, munthu wokumvetsera ndi mtima wonse ndi woopsa kuposa wapolisi. Kwa wapolisi umasamala pakamwa. Kwa uyu umafuna kumupatsa nkhani yokoma kuposa imene uli nayo.

Tsiku lina anatsitsa chithunzi chakale chija pakabati, n'kuchipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje.

"Agogo, munali mphongo. Jekete ili munalipeza kuti?"

"Ndinagula ndi malipiro anga oyamba," ndinatero.

Mawuwo anatuluka okha, osapunthwa. Agogo anu, amene ankasesa pakhomo, tsache linaima. Tadala anatulutsa foni, anajambula chithunzicho, ndipo analemba mawu anga.

Jeketelo silinali langa. Linali la a Zuze.

A Zuze mumawadziwa, nkhalamba ija imakhala kuseri kwa chigayo, imene mumaizemba chifukwa imakufunsani ulendo uliwonse kuti ndinu ana a yani. Anabwera ali mnyamata kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, wapansi, kudzera pa Muloza, atanyamula mphasa ndi jekete lakuda limene anapatsidwa ndi mwini sitolo amene ankamugwirira ntchito. Iwo ankalitcha kazako, monga amanenera kutsidyako. Batani limodzi linali litathothoka, ndipo anasokerapo loyera. M'malaini monse jekete linali lomwelo. Linkapita kokafunsira mbeta, kuchinkhoswe, kokapempha ntchito, ndipo wojambula wa ku Chonde akabwera, linkachoka paphewa ili kupita paphewa ilo mpaka mzere utatha. Palibe amene ankalipira. Unkangolisasa fumbi n'kulibweza ndi manja awiri. Ndipo mumve bwino apa: kubwereka sikunali kwa manyazi, aliyense ankadziwa. Kwa zaka zonsezi sindinanenepo kuti linali langa, ndinkangosiya alendo aganize zimene akufuna. Manyaziwa ndawaumba ndekha, ndili ndi imvi kale.

Ndinadziuza kuti ndi kanthu kakang'ono, mwanayo aiwala. Ndinaiwala ndine, kuti anawo anali ambiri, ndipo aliyense ankajambula zithunzi zakale za pakhomo pake. Akakumana ankaonetsana. Ana a masiku ano amatha kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri mpaka ulusi kuoneka, chinthu chimene ndimati n'chosayenera. Chithunzi cha munthu chimafunika kuchiona patali pake, mwaulemu, osati kuchifufuza mabatani.

Tadala anabwera akuthamanga, mpweya uli m'mwamba.

"Agogo, taonani!"

Pa foni panali a Mateyu, mnzanga wa m'malaini, ali anyamata, dzanja pa wailesi, jekete lakuda, batani loyera. Anasuntha chala: malemu ena a kumtunda, manja a jekete atawabisa zala, batani loyera. Anasunthanso: wina wonenepa, jekete likufuna kung'ambika, batani loyera. Ndinadikira kuti anene kuti agogo munandinamiza. Ndinali nditakonzeka ngakhale kukalipa.

Koma nkhope yake inali yowala.

"Bwanji simunandiuze? Ndiye kuti jekete lanu munkabwereketsa anzanu onsewa! Malipiro anu oyamba, n'kuveka malaini onse. Aphunzitsi akuti zithunzi zonsezi tiziike pamodzi pakati pa holo, inu pamwamba, ndipo tilembe kuti munthu amene anaveka anzake. Zinali choncho, eti agogo?"

Inu ana, apa ndiye pamene khomo linali lotseguka. Ndikanangoti ayi mwana wanga, ndinakuseka chabe. Koma anandiyang'ana ngati ndine munthu wamkulu kwambiri kuposa mmene ndilili, ndipo sindinafune kutsika.

"Eya," ndinatero. "Tinkathandizana."

Atangotuluka, agogo anu analowa n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera, wanga uja, dala.

"Bambo a Lusiya, tatulutsani sutikesi."

"Mukufunamo chiyani?"

"Lisiti la jekete. Inu simunena chopanda pepala."

"Musandiyambe, mayi. Olakwa ndi anawa. Anabwera kudzajambula nkhope, ayamba kufufuza zovala. Ndilembera kalata aphunzitsi awo."

"Mulembe kuti chiyani? Kuti mwana wakukhulupirirani?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Jekete limenelo ndimalidziwa kuposa inu. Linabwera pachithunzi kudzafunsira ine, chaka chotsatira linabweranso kudzafunsira msuweni wanga. Atsibweni anati, koma mnyamata ameneyu amangosintha mutu?"

Sindinaseke. Iwonso analeka.

"Holo imeneyo adzalowamo a Mateyu, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa. Koma a Mateyu asiyeni. A Zuze ali moyo, bambo. Adzukulu awo amaphunzira pa sukulu yomweyo."

Masiku otsatira sindinkamva kukoma chakudya. Munthu wina anabwera kudzandifunsa za malire a dimba lake, ndinamubweza kuti mutu ukundipweteka. Ndikanamuuza chiyani, ndi pakamwa pati? Ndinatsegula sutikesi kangapo, osadziwa chimene ndikufuna, n'kuitsekanso. Kenako ndinatenga ndodo n'kulowera kuchigayo.

Ndinawapeza pakhonde akuwotha dzuwa, atafunda chitenje.

"Mosheliwa, a Kalaliki!" Ndiwo moni wa kwawo umenewo, ndipo mpaka lero amanditchula choncho. "Sikelo mwaisiyira yani lero?"

Ndinakhala pa mtondo wogubuduza. Tinakamba za miyendo, za mvula, za amene atisiya. Kenako ndinafunsa ngati ana a makamera anafikako.

"Anabwera mnyamata wina, waulemu. Anakhala pomwe mwakhalapo, anandisendera chinangwa, tinacheza masiku angapo. Koma atati ajambule, ndinati ayi mwana wanga, pita kwa ena."

"Chifukwa?"

Anatsegula chitenje n'kundionetsa malaya. Kolala inali itatha, paphewa pali chigamba cha nsalu ina.

"Ndikapachikidwe mu holo chonchi? Adzukulu anga anzawo aziwaseka."

"Nanga chakale simunamuonetse?"

"Chakale chiti? Mwaiwala, a Kalaliki? Kazako ankayamba ndi wa kutsogolo kwa mzere. Akamafika kwa mwini wake, dzuwa lapendeka, wojambula akuti filimu yatha. Ndinkati chabwino, ulendo winawo. Ulendo winawo kwabwera wina akulira kuti akufuna kutumiza chithunzi kwa mkazi. Kazako wanga analowa nyumba zonse za m'malaini, mwini wake yekha ndiye sanajambulidwe naye."

Ine ndinali pamzere umenewo. Ndikukumbuka kuti ndinali kutsogolo, chifukwa kalaliki sankaima kumbuyo. Sindinacheukepo kuona amene watsala.

"Linathera kuti?" ndinafunsa.

"Kazako anapita kumanda ndi malume anga. Nawonso anabwereka. Amenewo ndiye sanabweze." Anaseka, mano awo awiri aja poyera. Kenako anandiyang'ana cham'mbali. "Koma ndamva kuti nanunso munali ndi kazako wanu. Wakuda, wa batani loyera. Mnyamata uja anandionetsa pa foni, akuti a Kalaliki ankaveka malaini onse."

Ndinayang'ana pansi. Nyerere zinkakoka khoko la chinangwa.

"Ndiye munamuyankha chiyani, achimwene?"

"Ndinati eya, anali munthu wabwino kalaliki ameneyo. Ndikanati chiyani? Inu muli ndi dzina m'mudzi muno. Ine dzina ndilitani?"

Inu ana, ndakalipiridwapo ndi azungu a pa esiteti pamaso pa anthu. Ndatukwanidwapo ndi othyola tiyi amene ankati sikelo yanga ndi yakuba, pamene sinali. Zonsezo ndinkabwera nazo kunyumba mutu uli m'mwamba. Koma kubisidwa ndi munthu amene ndamulanda chinthu chokhacho chimene anthu akanamukumbukira nacho, zimenezo zinandiweramitsa mutu. Ndinatsanzika mosadziwika bwino. Panjira ndinadutsa anthu osawapatsa moni, ndipo ena mpaka lero amati ndinali nditadwala.

M'mawa mwake ndinatuma uthenga kwa Tadala kuti abwere ndi kamera kuseri kwa chigayo. Ndinavala malaya oyera, jekete lotuwa ndinalinyamula m'pulasitiki yake. Agogo anu ananditsatira popanda kuitanidwa, akuti akufuna kuona ndi maso.

Ndinaimirira pabwalo la a Zuze ngati pa mlandu.

"Mwana wanga, tulutsa polemba paja. Jekete la batani loyera silinali langa. Sindinagule, sindinabwereketse munthu. Ndinabwereka ngati anzanga onse. Mwini wake ndi awa. Ndinakunamiza kawiri."

Tadala anayang'ana ine, n'kuyang'ana a Zuze. Kuwala kuja kunachoka pankhope pake, ndipo ndinakuona kukuchoka.

"Mwina sindinafunse bwino, agogo," anatero motsitsa.

"Unafunsa bwino. Woyankha ndiye anayankha zabodza. Ulembe choncho."

"Zimenezo sindilemba."

"Ndati ulembe! Chinthu chizilembedwa mmene chinachitikira."

"A Kalaliki, musamukalipire mwana," anatero a Zuze. "Mwamunamiza, mukumukalipiranso? Tabweretsani kuno chili m'pulasitikicho, ndione ngati chikufika kwa kazako wanga."

Ndinawaveka. Linawakulira, chifukwa munthuyo watha thupi, mapewa a jekete analendewera. Anayesa kumanga mabatani koma batani linkathawa bowo. Ndinawerama kuti ndiwamangire. Iwo anati, "Taonani, lero kalaliki akugwadira wothyola tiyi," n'kuphulika kuseka. Pomwepo ndinamva kamera kulira. Sindinadziwe n'komwe kuti waitulutsa.

Chithunzi chili pakhomachi ndi chimenecho. Masabata onse aja ndinkakonzekera kuima njo, chibwano m'mwamba, masatifiketi pambali. Mwanayo anadikira mpaka atandidziwa, monga anamuuzira aphunzitsi ake, ndipo atandidziwa anajambula chimenechi. Ndinamuuza kuti nkhope yanga sikuoneka bwino. Anati, "Ikuoneka, agogo."

Kenako anajambula a Zuze okha. Anakana kukhala pampando. Anati afuna katebulo ndi wailesi, monga ankachitira anzawo. Agogo anu anathamangira kunyumba kukatenga yathu. Itafika, a Zuze analamula kuti tichotsemo mabatire kuti zikhale zenizeni. Anaima, dzanja pa wailesi, chibwano m'mwamba, ndipo kwa kanthawi kochepa anakwanitsa kusaseka.

Tsiku la ku holo ndinapita ndithu. Zithunzi zakale zija zinali pamodzi pakati, mabatani oyera ali mbuu pamzere, changa chili pakati pa zinzake, osati pamwamba. Pamwamba panali a Zuze ndi wailesi, ndipo m'munsi munalembedwa mawu awo aja, akuti kazako wanga analowa nyumba zonse. Za bodza langa mwanayo sanalembe. Koma m'mudzi nkhani siidikira kulembedwa, makamaka ngati agogo anu analipo. A Mateyu anandiona ndikulowa, n'kufuula kuchokera kutsogolo:

"A Kalaliki! Lisiti mwabwera nalo?"

Holo yonse inaseka. Ndinavula chipewa n'kuima pomwepo mpaka anamaliza. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kusowa pepala lotulutsa. Adzukulu a a Zuze ankakoka anzawo kuti adzaone agogo awo. Zimenezo ndinaziona, ndipo sizinachotse manyazi anga, koma zinandithandiza kuimirira.

Anthu ayambanso kubwera kudzafunsa za malire, koma tsopano ndikayankha amati, tationetsani pepalalo. Kale sankatero. Ndimatulutsa, sindidandaula, ngakhale mumtima zimandibaya.

Tsopano mumve za jekete lotuwa, chifukwa iwe Chisomo unaona kuti pulasitiki ili yopanda kanthu ndipo unayamba kulozera anzako. Palibe amene anaba. A Zuze sanabweze. Amapita nalo kutchalitchi Lamulungu lililonse, manja atawapinda, ndipo akandiona amandikodola kuti, a Kalaliki, kazako ameneyu ndi wofunda. Lisiti lake lili mu sutikesi, dzina langa lili pamenepo, ndipo ndikukuletsani nonse, inu ndi makolo anu: wina asadzalitenge pepala limenelo kupita nalo kuseri kwa chigayo.

Tsiku langa likadzafika, mudzandiveke malaya oyera ali pachithunziwo, akwana. Koma ndikuwadziwa amayi anu, adzati bambo sangapite opanda jekete, anthu ationa bwanji. Akadzaumirira, mmodzi wa inu adzapite kwa a Zuze, adzagwade, adzabwereke ndi manja awiri monga tinkachitira m'malaini. Ndipo adzawauze poyera, anthu akumva, kuti jeketelo ndi lawo, ine ndangobwereka, ndi kuti ulendo uno sindibweza.